Mfutso wa a Fabiyano Unaolera M'majumbo

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha agogo anga aamuna, a Fabiyano. Chiliza chake abale, matailosi okhaokha, kusalala kwake moti khwangwala anati atere, anatsetsereka mpaka kukagwera pamanda a eni ake. Mukuti ndayamba kale? Chabwino, za khwangwalazo ndathira mchere. Koma zotsalazi mundimvere, chifukwa ndikuzinena mtima ukuwira.

Anthu anayankhula tsiku limenelo. A malume Levisoni, mwana wawo wa ku Lilongwe amene anagula matailosiwo, anati bambo awo anali nkhokwe ya nzeru. Madala a pabawo, omwe aja ankawatcha mkazi wandevu, anagwedeza mitu ngati mbuzi zomva Chilatini. Titamaliza anatigawira chakudya. Mukudziwa ndiwo zake? Kabichi. Kabichi wosambira m'madzi, pachiliza cha munthu amene ankati kabichi ndi pepala lonyowa. Akanakhala kuti akufa amadzuka, matailosi aja akanasweka tsiku lomwelo.

Ine ndinakhala kumbuyo ndi achemwali anga, a Malita, atabereka Tadala, chitsiriza wawo. Amuna awo anapita ku Joni kalekale, foni yawo inasiya kulira, ndiye ana atatu aja ankadalira agogo. Osati pa ndalama, mdala uja thumba lake munali fodya ndi luzi basi. Ankadalira ndiwo. Kuno kwathu kuyambira Ogasiti mpaka mvula itakhazikika, tchire limauma gwa, amene alibe dimba lalikulu amatowa mchere. Miyezi imeneyo ana a achemwali ankadya zikwatu za agogo. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Inu a m'tauni amene mumayesa masamba amamera mufiriji, dikirani ndikuphunzitseni. Mvula ikamagwa, masamba ali mbwee, umathyola nkhwani, khwanya, chitambe, chisoso, bonongwe. Umasadzula, kuwaza, n'kuviika m'madzi owira pang'ono chabe, kenako n'kuyanika mpaka aziti tswatswa. Umenewo ndiye mfutso. Ndiye umaukulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, n'kupachika kudenga la khitchini pomwe utsi umadutsa. Chimpira chimenecho ndiye chikwatu. Ntchito ya amayi, eti? Kwathu kuno katswiri wake anali mwamuna wa ndevu za imvi, wovala chijasi cha kunkhalango ndi majombo osiyana mtundu, wa zala zisanu ndi zinayi chifukwa chimodzi anasiya kumacheka ku Phiri la Dedza.

Mdala uja ankayanika chilichonse. Bowa, matimati, mapichesi, mbatata ankaiwaza n'kupanga makaka. Ukakhala phee nthawi yaitali pafupi ndi mphasa yawo, umangozindikira akutembenuza kuti uume mbali inayi. Akadzuka sankapereka moni kwa munthu asanayang'ane phiri. Likavala chipewa cha nkhungu ankatukwana phirilo, likayera ankatukwana ife kuti tikuchedwa kutulutsa mphasa. Kaya zinthu zili bwino kaya ayi, wina amayenera kutukwanidwa.

Ankayanika padzuwa la m'mawa lokha, likafika pamutu ankakokera mphasa pakhonde. Ankati dzuwa la masana ndi mbala, limaba msipu wa tsamba n'kukusiyira chikopa. Ankatinso chikwatu chimapuma ngati munthu, ndiye ukachitseka mphuno chimafa, ndipo utsi ndi mlonda amene safuna malipiro, chifukwa anankafumbwe ndi chuku safika pomwe pali iye. Soda ankadana naye ngati anawalanda mkazi. Ukathira soda m'ndiwo iwo akuona, tsiku limenelo udziwa dzina la agogo a agogo ako.

Nkhondo yawo yaikulu inali ndi nkhuku. Ankakhala pampando ndi legeni m'manja kulondera mphasa, ndipo ndikulumbira, nkhuku za m'mudzi mwathu zinkadutsa pakhomo pathu zitatembenuzira nkhope kumbali ngati munthu wodutsa pa polisi. Nkhondo yachiwiri inali ndi a Nasibeko, gogo wa kuseri kwa mpanda, amenenso ankafutsa.

"A Fabiyano," ankakuwa a Nasibeko, "manja a mwamuna amawawitsa ndiwo! Siyirani eni ake!"

"Eni ake ndinu? Mfutso wanu uja wakuda bii? Dzulo mzukulu wanu amafuna kuupichira ndudu!"

"Mkamwini wopanda manyazi!"

"Manyazi ndinathira m'chikwatu, mubwere mu Okutobala ndidzakupatseni!"

Ndipo mu Okutobala mzukulu wa a Nasibeko ankabweradi ndi kambale, maso pansi, n'kunena kuti agogo akuti moni. Mdala ankadzaza mbaleyo mpaka kusefukira, akutukwana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pabawo ankawafunsa kuti chitenje asiya kuti. Iwo ankaseka kaye, n'kudya nkhomo za mnzawoyo, kenako n'kumuuza kuti mwezi wa Novembala ukafika adzawaze thalauza lakelo, athire nsinjiro, apatse ana ake. Ankakwiya kwambiri ndi kachewere. Osati mbewuyo, koma ife olima. Ankati mudzi wonse wapenga: tikulima kachewere mpaka pakhomo pa chimbudzi, malole akunyamula, ife n'kuthamangira kugolosale kukagula nyama ya soya ya m'paketi yomwe ngakhale galu amaifunsa kaye mafunso. Matimati akatsika mtengo anthu n'kumawataya m'mbali mwa msewu, iwo ankapita ndi wilibala kukatola, kuwaza n'kuyanika.

Tsiku lina mnzawo wa a malume akudutsa pagalimoto anawaona akutola matimatiwo, n'kukanena ku Lilongwe kuti bambo anu akutola zotaya pamsewu. A malume anaimba foni yanga usana womwewo, ati ndiwauze adadi asiye kuwachititsa manyazi. Ndinawauza. Agogo anandiyang'ana.

"Iwe Mabodza," ndi momwe ankanditchulira, sindikudziwa chifukwa chake, "umuuze Levi kuti chimimba chakecho maziko ake ndi khwanya."

Ndipo sananame. Agogo aakazi atamwalira, a malume ndi malemu amayi anga anali tiana. Akuchikazi anakhala pansi kuti amusudzule mkamwini, abwerere kwawo ku Lobi, chifukwa mwamuna yekha sangadyetse ana. Mdala analowa m'khitchini, anatsitsa chimodzi mwa zikwatu zomwe mkazi wake anasiya, n'kuchimasula pang'onopang'ono kuti aone momwe luzi linayendera. Anachimanganso. Chinaphwasuka. Anamanganso. Mvula yotsatira anasiya macheka n'kupita kumunda ndi lichero, amayi a m'mudzi akugubuduka ndi phwete. Akuchikazi anadikira kuti atope. Onse amene anadikira aja anatsogola kumanda, ena mwa iwo atadya mfutso wake.

Ndiye tifike pa chaka chatha. Mu Meyi denga la khitchini yawo ya udzu linali litadzaza. Ukalowa umayenda chowerama, zikwatu zikukugunda m'mutu ngati wazilakwira. Ana a achemwali ankazipatsa maina, china ankati Abusa chifukwa cha kunenepa. Kenako chibayo chinawagwira agogo. Ndinawakweza panjinga yanga ya kabaza, achemwali anatimangirira pamodzi ndi chitenje, mpaka kuchipatala. Anawagoneka, ine n'kukhala gadiyani. Kumeneko anakangana ndi wodi yonse, mpaka anafunsa namwino ngati nyemba za kumeneko amaziphika kapena amangoziopseza. Adokotala anati chifuwa chawo chatopa ndi utsi, asamakhalitse pamoto.

Mawu amenewo a malume atawamva, anabwera kumudzi ndi akazi awo, amene ife timangoti a anti, ndi galimoto yodzaza malata ndi simenti. Pamenepa ndisaname, anabwera ndi mtima wabwino. Koma mtima wabwino wosafunsa uli ngati ng'ombe yolowa m'dimba kudzapereka moni. Ife tili kuchipatala, iwo anaitana amisiri kuti agwetse khitchini ya udzu amange ya malata.

Achemwali ndi amene anandifotokozera, mpaka lero akamanena amaluma mlomo. Ati a anti atalowa n'kuona zikwatu zili bii ndi mwaye, anagwira pamphuno.

"Mayo ine! Ndiye ana amadya zimenezi? Malita, iwe mzimayi wamkulu, osaona uve?"

"Anti, mwayewo uli kunja kokha. M'kati muli bwinobwino."

"Tsitsa zonse. Ndabwera ndi majumbo atsopano."

Achemwali anapita kwa a malume, anagwada. "Amalume, bwanji agogo abwere kaye? Zimenezi salola munthu kuzigwira."

"Iwe, mbumba ino mwini wake ndani?"

"Ndinu, amalume."

"Ndiye ukufuna kundiphunzitsa kusamala bambo anga? Tsitsa."

Mwana wa mlongo amayankha chiyani pamenepo? Anatsitsa. A anti anamasula chikwatu chilichonse, masamba a msuku ndi luzi n'kuponya pamoto. Atanunkhiza mfutso anati ukumveka utsi, ndiye anautsukuluza m'beseni. Mwamva? Anatsuka mfutso. Anauyanika masana amodzi padzuwa la Juni la ku Dedza, dzuwa lija limawala ngati tochi ya mabatire otha, n'kuulonga m'majumbo, kumanga mfundo zolimba kuti mphepo isalowe. Majumbowo anawaika m'zidebe zotsekera, zidebezo n'kuzindandalika pasimenti yomwe inali isanaume. Anati tsopano ndiye zaukhondo. Anajambula pafoni n'kubwerera ku Lilongwe.

Patapita masabata angapo agogo anatulutsidwa. A malume ndi a anti anabweranso kuti adzaone mdala akudabwa. Anadabwadi. Anatsika panjinga, anaima pomwe panali khitchini yawo, anayang'ana malata akuphetira.

"Adadi, mwaiona? Utsi uja basi watha."

Agogo analowa. Anayang'ana kudenga. Mitengo yoyera, malata, china palibe.

"Levi, zikwatu zili kuti?"

"Zili malo abwino, adadi. Mayi a kunyumba azisamala mwamakono. Tatsegula, Malita."

Achemwali anakana ndi mutu. Ndinatsegula ndine. Abale, fungo lomwe linatuluka m'chidebe muja, ntchentche zomwe zinali pafupi zinapempha tchuthi. Majumbo anali atachita thukuta m'kati. Mfutso unali utagwirana chibuma chimodzi, chuku chili mbuu ngati ndevu, pena chobiriwira, pena chakuda. Bowa anali phala. Makaka ankaoneka ngati munthu wawatafuna kale. Tinatsegula chidebe chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza. Ngakhale kodzaza dzanja limodzi sikanapulumuke.

Tonse tinadikira bomba. Uyu ndi munthu amene ankatukwana phiri. Koma a anti anali atagwada poteropo, nkhope kumbali, monga amachitira mkazi wa mwana pamaso pa apongozi. Ndipo kwathu kuno apongozi sutukwana, suwayang'ana m'maso, ngakhale atakuotchera nyumba. Agogo anatenga ndodo yawo. Anatuluka panja. Tambala wa a Nasibeko anali akupalasa pabwalo, wosalakwa ngati mwana wa ubatizo.

"Iwe!" anakuwa agogo, ndodo ikuloza tambala. "Chitsiru cha nthenga! Unalima ndiwe? Unathyola ndiwe? Unadzuka ndi mame ndiwe? Umangobwera, kupalasapalasa, kumwaza za eni, kenako kukwera pachulu n'kulira kuti dziko lonse likuone! Ana awa adya chiyani? Ndikufunsa iwe! Adya chiyani mpaka Disembala? Lipombo lakolo?"

Tambala anathawa. A malume anayang'ana nsapato zawo. Agogo anapuma, anakhosomola nthawi yaitali, kenako anatembenukira kumbali komwe kunali a anti, maso ali pansi, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo apongozi. Mwagwira ntchito."

Ine m'moyo mwanga ndamva matukwano ambiri, ena ndapeka ndekha, koma loposa limenelo sindinalimve.

A malume anati tisadandaule, masamba ndi masamba, atumiza ndiwo. Anasiya katoni ya soya ndi botolo la mafuta, galimoto n'kuliza. Katoniyo inatha Julayi asanathe. Titaimba foni anati zinthu zavuta kutauni, tipirire pang'ono. Zoona, kutauni zinthu zimavuta. Koma matailosi aja anapezeka.

Mdala sanadikire katoni yachiwiri. Adokotala anali atanena kuti azikhala pofunda, koma iye m'mawa uliwonse, chisanu chili mbee paudzu, ankavala chijasi n'kutsetserekera kudambo ndi lichero. Mu Julayi muthyola chiyani? Ankapempha khwanya m'madimba a anthu, munthu amene moyo wake wonse wopemphedwa anali iyeyo. Ena ankamupatsa, ena ankati nyemba zawo zikuchita maluwa asazigwire. Ankabwera ndi timasamba todzaza chipewa.

Achemwali ankalira. "Agogo, mudzafera masamba?"

"Akazi anga," ankatero, poti zidzukulu zazikazi ankazitcha choncho, "ine ndinadya kale zanga. Ndikufunira awa."

Anafutsa, koma dzuwa kunalibe. Nkhungu inkakhala pamudzi mpaka masana, mvula yamawawa pamwamba. Ndiye anati aumitse ndi moto m'khitchini yatsopano. Anakhoma misomali m'mitengo ya denga, anasonkha moto. Apa ndiye mumve nzeru za amisiri. Udzu umatulutsa utsi pang'onopang'ono paliponse, n'chifukwa chake khitchini yakale ija munthu umakhalamo. Malata satulutsa kanthu, ndipo kazenera anaika kamodzi, kakang'ono ngati kabowo ka sitampa. Khitchini yomangidwa kuti iwapulumutse ku utsi inasanduka uvuni wa fodya. Ankatulukamo maso ali psuu, akukhosomola ngati injini ya chigayo. Kukacha malata ankadontha mame pa timasamba tomwe tauma dzulo, n'kuyambiranso.

Ndinawabisira machesi. Anakapala moto kwa a Nasibeko. Ndinawabisira majombo. Anapita kudambo opanda nsapato. Mu Ogasiti chibayo chinabweranso, ndipo ulendo uno sanakangane ndi namwino aliyense. Pamene ndinadziwira kuti zavuta ndi pamenepo, anawapatsa nyemba n'kudya osanena kanthu. Tsiku lomwe anatisiya anandifunsa ngati kumudzi kwatuluka dzuwa. Ndinati latuluka, likuswa mtengo, mphasa zonse zili panja. Anati ndine wabodza kuyambira kubadwa. Mawu awo omaliza kwa ine ndi amenewo, ndipo kunjako kunalidi nkhungu.

Miyezi yotsatirayo sindiithira mchere, ilibe pothira. Ana anadya nsima ndi madzi a tomato, tomato atasowa anadya ndi mchere. Ine zomwe ndinkapeza pakabaza zinkathera ufa. Achemwali ankapita kuganyu m'madimba a kachewere n'kubwera ndi timasamba ta mpiru tsiku lina, tsiku lina ayi. Pofika Novembala tsitsi la Tadala linafiira, n'kumathothoka ukamamupesa. Timapazi tinatupa. Kusikelo anamuyeza pamkono n'kumulembera chiponde cha m'mapaketi. Mdzukulutuvi wa a Fabiyano, munthu amene ankadyetsa theka la mudzi, kuima pamzere wa ana onyentchera. Anachira, Mulungu ngwabwino, koma mpaka lero ndi wochepa kuposa anzake obadwa mwezi umodzi.

Ndiye munthu aime pamanda, atavala suti, azinena kuti nkhokwe ya nzeru. Nkhokwe imeneyo munaifunsapo? Foni munali nayo. Ine ndinali nawo pambali pa bedi usana ndi usiku. Kungoimba n'kunena kuti adadi, zikwatu zija tizitani, basi. Akanakutukwanani, inde, mpaka foni ikanatentha, koma ana akanadya. Ine sindikuti khitchini ya udzu ndi yabwino kuposa ya malata, utsi unawapwetekadi. Ndikuti munthu amene wadyetsa ana zaka zonsezo ndi manja a zala zoperewera, simumukonzera zinthu ngati mukukonzera mbuzi khola. Ndipo nonse a m'mudzi muno amene munkaseka masana n'kutuma ana ndi timbale madzulo, musandipatse moni sabata ino.

Chaka chino achemwali anayesa kufutsa. Koma nthawi yothyola masamba ndi yomweyonso ya ganyu, ndipo munthu mmodzi sangakhale kumunda kwa eni ndi pamphasa kulondera nkhuku. Anapeza kochepa, anaika m'mphika wadothi m'nyumba, n'kutha mwezi watha. Ine ndinayesa kumanga chikwatu chimodzi, chinatuluka ngati mutu wa munthu womenyedwa kumowa, n'kuphwasuka ndisanachipachike.

Khitchini ija ilipo. Ndi nyumba yokongola kuposa zonse pakhomo pathu, alendo amayesa ndi momwe timagona. Saphikiramo munthu, achemwali amaphika panja pa mafuwa, kuseri kwa mphepo. M'katimo muli matumba awiri a simenti yotsala omwe anauma n'kusanduka miyala, ndi zidebe zija, zotsukidwa, zovundikirika pakona. Pansi pali banga lakuda pomwe agogo ankasonkha moto wawo wa mu Julayi. Kudenga kuli misomali yomwe anakhoma, mizeremizere, yotalikirana bwino kuti chikwatu chisagunde chinzake. Yachita dzimbiri. M'mawa uliwonse mame a malata amatsetsereka n'kudontha kunsonga kwa msomali uliwonse, tho, tho, pasimenti.

Pano ndi Ogasiti, tchire layamba kuuma. Dzulo achemwali anatuma ana kuti akatenge chidebe m'menemo. Ndinali pakhomo ndikupukuta njinga. Analowa atatu onse, wamkulu patsogolo, Tadala pambuyo. Chidebe chili pansi pakona, akuchidziwa. Koma atangodutsa pachitseko, onse atatu anayamba ayang'ana kudenga.